Ndinapita Kukatuluka M'kalabu

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, nthawi ili 2 koloko masana, pamene ndinaimirira pamaso pa anzanga a m'kalabu ya alimi kuti ndinene kuti ndatuluka. Ndi zimene ndinapitira kumeneko. Mawu ake ndinali nditawakonza kale m'njira, ndipo sanali ambiri. Koma kuti mumve chimene chinandifikitsa pamenepo, ndiyambire kumbuyo pang'ono.

Mundikhululukire, amayi ndi abambo, ngati ndiziyang'ana pansi polankhula. Ndi mmene ndinabadwira. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, ndipo ngakhale kumeneko aphunzitsi akandiloza ndinkangoluma kolala ya yunifolomu. Atcheya anu andipempha kuti ndifotokoze zanga chifukwa akuti ena mwa inu mwasiya kubwera ku misonkhano. Chimene chakusiyitsani sindikuchidziwa. Ine ndinena changa.

Ndine Nankhoma, wa kwa Zulu konkuno, kungoti mudzi wathu uli tsidya la dambo. Mwana ndili naye mmodzi, Tiyamike. Munda anandisiyira malemu mayi anga. Bambo ake a Tiyamike anali tenanti pa esiteti ya fodya, kwawo ndi kum'mwera. Anabwera kudzakhala chikamwini kwathu, koma mwana asanayambe kukwawa anati akupita ku Chipata kukafuna ntchito pa famu. Anatenga njinga ndi wailesi. Sanabwerenso. Sindikuwanena ayi, ndikungofuna mudziwe kuti panyumba panatsala manja awiri okha, angawa.

Zaka zimenezo matipate anali atakhazikika, misika ya boma yayamba kumatsegulidwa mochedwa, mwina osatsegulidwa n'komwe. Pa Kamwendo panadzaza mavenda ndi masikelo awo opachika pamtengo. Ndiye m'mudzi mwathu anthu anayambitsa kalabu, yolumikizana ndi bungwe lalikulu la alimi. Kalabu inkabwereketsa mbewu ya mtedza, pokolola n'kubweza mbewu yomweyo ndi kapamwamba. Mtedza tinkagulitsa pamodzi, lole n'kubwera kudzanyamula pa shedi. Tinalinso ndi munda wa kalabu, mmene munthu aliyense anali ndi mizere yake yoti aziisamala, ndi chikhomo chake kumutu kwa mizereyo.

Anandilowetsa ndi aNambewe, atcheya athu. Anali mnzawo wa mayi anga kuyambira ku utsikana, mayi wamtali wosasunga mawu m'kamwa. Anandipeza pachitsime n'kunena kuti, "Iwe make Tiyamike, uzipereka thukuta lako kwa anyamata a masikelo onama aja mpaka liti? Lachinayi ubwere." Ndinapita chifukwa kukana kunandivuta kuposa kuvomera.

Amene sitidziwa kulemba bwino tinkamanga kansalu pa chikhomo ndi pakamwa pa matumba athu kuti azidziwika. Ine ndinang'amba m'mphepete mwa chitenje cha mayi anga, chachikasu cha mawanga a nkhanga. Chitenje chomwecho ndi chimene ndinkaberekera mwana.

Malamulo analipo angapo, koma limene alangizi a zaulimi ankalibwereza kwambiri linali lakuti mtedza osauthira madzi poswa. Ankati madzi amabweretsa chuku, chuku ndi poizoni, ndipo ogula akachipeza amakana katundu. Pomaliza msonkhano uliwonse ankafunsa kuti, "Pali funso?" Anthu n'kuyankha onse pamodzi kuti palibe. Ine funso ndinali nalo. Ndinkapita nalo ku msonkhano n'kubwerera nalo kunyumba.

Chaka choyamba mtedza unabereka. Ndinakumba, ndinathothola, ndinayanika mpaka khoko likulira ukaligwedeza. Vuto linafika poswa. Inu amene mumalima mtedza mukudziwa mmene khoko louma limachitira ndi chala chachikulu m'nyengo yozizira ija. Tsiku loyamba chimangofiira. Kenako chimang'ambika m'mbali mwa chikhadabo. Kenako ukangokhudza khoko umamva mpaka m'chigongono. Anzanga anali ndi ana akuluakulu, amuna, apongozi, onse atazungulira mphasa. Ine ndinali ndekha ndi mwana woyamwa, ndipo milu ya mtedza inkangondiyang'ana. Ndinamanga nsanza pachala, magazi n'kutulukira pansanzapo.

Mayi anga ankawaza madzi pamtedza madzulo, m'mawa makoko atafewa ngati pepala. Tonse kuno tinakula tikuona zimenezo. Tsono ndinatenga beseni n'kuwaza. Ntchito inathamanga. Ponyamula thumba ndinamvanso kuti lalemererako, ndipo sindikunamizeni, zimenezo zinandisangalatsa. Tsiku la lole linali pafupi, ndiye sindinayanikenso. Ndinasoka matumba, ndinamanga tinsalu tanga tachikasu, n'kuwasanja pakona m'nyumba. Lole inachedwa masabata angapo. Matumba anakhala pakonapo, otseka, akutentha m'kati mwawo.

Tsiku limene lole inabwera, tonse tinali pa shedi. Munthu wa ogula anali ndi chitsulo chosongoka chobayira matumba. Akabaya, mtedza pang'ono n'kutsikira m'dzanja mwake, iye n'kuununkhiza, n'kuluma kamodzi. Anadutsa matumba a anthu ambiri akungogwedeza mutu. Atabaya langa anaima. Anathira mtedzawo pa lichero kuti tonse tione. Unali wotuwa, wina wobiriwira, ukununkha ngati chimbudzi chakale.

"Thumba la kansalu kachikasuli ndi la ndani?"

Onse anatembenukira kwa ine. Panalibenso chifukwa choyankhira, pakuti chitenje chake ndinali nditabereka nacho mwana, nditaima pomwepo.

Lamulo la ogula linali lakuti chuku chikapezeka, katundu wa kalabu yonse atsale, asankhidwenso. Lole inanyamuka yopanda thumba lathu ndi limodzi lomwe, kupita ku makalabu a cha ku Guilleme. Bambo Mwale, mlembi wathu, anavula chipewa n'kudzikupiza nacho.

"Eya, mayi Nankhoma," anatero. "Madzi a pachitsime tayamba kugulitsa pa kilo? Mukanatiuza ife tikanabwera ndi zidebe."

Ena anaseka, ambiri sanaseke. Anthu anasomola matumba awo onse n'kuyamba kusankha pamaso pa alangizi. Lole inadzabweranso mochedwa kwambiri, mtengo utatsika. Bambo wina mwana wake anabwezedwa kusekondale chifukwa cha kuchedwako. Pofika Lamlungu ana a m'mudzi anali atandipatsa dzina. Sindinalinso Nankhoma, ndinali Nachuku.

Kuchokera apo zinthu zinayenda mwachangu. Matumba anga ndinawakweza pa ngolo ya munthu wa mudzi wina n'kukagulitsa kwa venda pa Kamwendo. Iye sanaununkhize n'komwe. Mbewu ya kalabu sindinabweze. Ku msonkhano sindinapitenso. Madzi ndinayamba kukatunga dzuwa lili pamutu, nthawi imene pachitsime sipakhala munthu. Ku tchalitchi ndinkakhala kumbuyo, kenako ndinasiyiratu.

Tsiku lomwe ndinagulitsa mtedzawo, mayi wina wogulitsa kachasu kuseri kwa magolosale anandiona nditakhala pamwala. Anati ndikuoneka ngati ndachokera kumaliro, n'kundipatsa toti imodzi ya kachasuyo yaulere. Ndinali ndisanalawepo. Ndinamwa, ndinatsokomola, anthu anaseka. Yachiwiri ndinagula ndekha. Tsono apa mumvetsetse, chifukwa ena amaganiza kuti munthu amamwa pofuna kuiwala. Ine sindinaiwale kanthu. Chimene ndinapeza m'kachasu ndi pakamwa. Ndinayamba kulankhula. Ndinawayerekezera anthu aja mmene bambo Mwale amadzikupizira ndi chipewa, anthu n'kugwa nako kuseka. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinaseketsa gulu. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Ndinayamba ndi masiku a msika okha. Kenako tsiku lililonse linasanduka la msika. Mtedza umene ndinasunga wodya unapita. Nkhuku zinapita. Khasu linapita. Mvula itayandikira ndinabwereketsa munda wa mayi anga kwa venda yemwe uja, iye n'kudzalamo chimanga chake. Ine ndinapita ku esiteti kukasoka fodya pa ganyu, malipiro ake ufa, nthawi zina gaga. Ufawo ndinkagawa pawiri, wina wa kunyumba, wina wosinthitsa ndi kabotolo.

Tiyamike tsitsi linayamba kufiira ndi kupyapyala. Anasiya kuthamanga, ankangokhala pamene wamuika. Kusikelo a zaumoyo anamupachika, n'kundiyang'ana. Anati, "Mayi, muzimuthirira nsinjiro m'phala. Mwana wa ku Mchinji angasowe nsinjiro?" Ndinavomera ndi mutu. M'nyumba mwanga munalibe ngakhale njere imodzi ya mtedza. Kusikelo nakonso ndinasiya kupita.

Tsiku lina masana ndinadzidzimuka nditagona kuseri kwa golosale, mwana palibe. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mavenda. Anali atakhala m'fumbi pansi pa sikelo, akutola mtedza wogwa m'matumba a anthu n'kumaponya m'kamwa pamodzi ndi dothi lomwe. Anyamata a sikelo ankamuponyera wina patali pang'ono kuti aone ngati akwawire. Ndinamunyamula. Mwina mukuganiza kuti ndinasiya mowa tsiku limenelo. Ayi. Ndinabwerera naye komwe kuja n'kuitanitsa toti ina.

Mvula inagwa n'kutha, anthu anakolola, dzuwa la Okutobala linabweranso. Lachiwiri lina chakumasana ndili kuseri kuja ndi anzanga omwa nawo, ndinangoona njinga yaima, aNambewe akutsika. Ndinafuna kubisa kapu koma manja anachedwa.

"Usabise, imwa," anatero. "Sindinabwere kudzakulalikira. Ansembe alipo ku Guilleme, ndiwo ntchito yawo. Ine ndabwera za kalabu."

Ndinati za kalabu ndinasiya kalekale.

"Unasiya kwa ndani? Unauza ndani?"

Ndinayang'ana m'kapu, iwo n'kupitiriza.

"Pali munthu akufuna kulowa, koma mbewu ndi yowerengeka, malo adzaza. Malo amene angapezeke ndi ako. Tsono lamulo ukulidziwa. Munthu analowa ndi pakamwa pake, atulukenso ndi pakamwa pake, ataimirira pagulu. Sitichotsa munthu kumbali."

Lamulo limenelo ndinali nditaliiwala. Anthu analiika poyambitsa kalabu chifukwa ankakumbukira makalabu akale a ngongole ya feteleza, mmene munthu ankangodzuka n'kumva kuti anamuchotsa, mbuzi zake zikukokedwa ndi zitseko zomwe zikuzulidwa. Anati zimenezo ayi. Tsono ine, chifukwa cha manyazi omwe aja, ndinali ndisanapite kukatsanzika. Chaka chonse chimene ndinkazemba anthu m'njira ndinali ndidakali membala.

"Lachinayi 2 koloko ubwere udzatuluke," anatero aNambewe. "Ubwere usanamwe. Mawu a kachasu a Mwale salemba."

Bambo wina amene tinkamwa naye anaomba m'manja. "Imvani anthuni, Nachuku akukayankhula pa msonkhano! Tikamuyikire zokuzira mawu!"

"Inu mukayankhula liti?" anamufunsa aNambewe. "Akazi anu akhala akudikira yankho chiyambire ulamuliro wakale."

Anthu anaseka bamboyo. ANambewe sanaseke. Anawerama pamene panakhala Tiyamike, anagwira phazi lake n'kudinikiza ndi chala pamwamba pake. Atachotsa chala, panatsala kadzenje. Tonse awiri tinakayang'ana kadzenjeko, sikanabwerere msanga. ANambewe anaweramuka. Anakwera njinga n'kumapita.

Ndinaganiza kuti ndi bwino ndipite, nkhani ithe, anthu asamandilondolenso. Lachinayi sindinamwe. Pofika masana m'kamwa munali mouma, mutu ukugunda. Ndinabereka mwana ndi chitenje chachikasu chija, chifukwa ndi chokhacho chinatsala. M'njira ndinkabwereza mawu anga: ine Nankhoma ndatuluka. Ine Nankhoma ndatuluka. Ndinkawerengera kuti ndikangonena, ndidutsira pa Kamwendo dzuwa lisanalowe.

Pa shedi anthu anali atakhala kale, amayi pamphasa, abambo pa mabenchi. Inali nthawi yokonza mbewu yodzala, ndiye amayi ambiri anabwera ndi malichero, akuswa mtedza uku msonkhano ukuyenda. Ponseponse pankangomveka kuthetheka kwa makoko. Nditafika phokosolo linaima pang'ono, kenako linayambanso. Ndinakhala kumapeto kwa mphasa. Mayi amene ndinayandikana naye anakokera lichero lake kumbali.

Anapemphera. Anakamba za tsiku logawa mbewu. Anakamba za matabwa a pamlatho wa padambo, kuti akonzedwe mvula isanabwere. Ine sindinkamva bwino, ndinkangogwira mawu anga kuti asandithawe. Kenako aNambewe anasintha mawu, n'kulankhula mwaulemu ngati sanandionepo.

"Nkhani yotsatira. Mayi Nankhoma ali ndi mawu. Mayi, nthawi ndi yanu."

Ndinaimirira. Monga mwa chizolowezi changa ndinayang'ana pansi, ndipo munthu woyang'ana pansi saona nkhope za anthu, amaona manja awo. Ndinaona manja a amayi ali m'malichero. Chala chachikulu cha aNambewe chinali chomanga ndi nsanza. Cha mayi wondiyandikira uja chinali chong'ambika m'mbali mwa chikhadabo, malo omwewo ngati changa. Wina anali atakulunga chake ndi mphira wa chubu cha njinga. Wina ankaswa ndi mano. Ndinayendetsa maso mphasa yonse. Panalibe chala chabwino.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndatuluka. Chimene chinatuluka ndi china.

"Kodi mtedza woumawu, munthu uli wekha, umaswa bwanji?"

Mawu anali otsika, akutsogolo okha ndi amene anamva. Bambo Mwale anakweza mutu.

"Mwati chiyani, mayi? Ife tikudikira kuti mutuluke."

Ndinabwereza, mokwezako. Ndinatukulanso chala changa, chifukwa chipsera chinali chidakalipo. "Alangizi anati tisathire madzi. Sananene kuti tizitani. Ine ndinali ndekha. Ndimafuna ndifunse nthawi ija."

Makoko anasiya kuthetheka. Ndinkamva Tiyamike akupuma kumsana kwanga. Ndinakhalabe chiimire.

Woyamba kulankhula anali mayi anakokera lichero kumbali uja. Sanandiyang'ane, ankayang'ana mtedza wake. "Inenso ndimawaza," anatero. "Pang'ono. Kungoti ndimayanikanso."

"Aa, amake Feliya!" wina anakuwa.

"Musandiyankhe aa inu, beseni lanu ndimaliona kuseri kwa nkhokwe."

Apo phokoso linabuka. Aliyense ankalankhula. Wina anati amaswa ndi mwala koma mtedza umasweka pakati. Wina anati amalipira ana a sukulu ndi mbatata. Bambo Mwale anagogoda benchi n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, ndipo iwo chiyambire sanathirepo dontho la madzi pamtedza wawo.

"A Mwale," anatero aNambewe, "tationetsani chala chanu."

"Chala changa chalakwa chiyani?"

"Tingochiona."

Anachitukula monyinyirika. Chinali chosalala, chikhadabo chowala.

ANambewe anakuwa, "Taonani anthuni, chala ngati cha ansembe! Chimangodziwa bolopeni. Mayi a kunyumba ndi ana asanu aja ndiwo amadziwa zimene khoko limachita."

Anthu anaseka mpaka ena kugona pamphasa. Bambo Mwale nawonso anaseka, atabisa dzanja m'thumba la jekete. Ine ndinali chiimire, anthu atandiiwala. Anakambirana nthawi yaitali, n'kugwirizana kuti kuyambira chaka chimenecho palibe aziswa yekha. Tiziyenda nyumba ndi nyumba mosinthana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, kuyambira kwa amene alibe owathandiza, ndipo thumba lizisokedwa anthu akuona.

Atatha zimenezo bambo Mwale anatenganso bolopeni. "Tsono mayiwa atuluka kapena sanatuluke? Ine ndilembe chiyani?"

"Inu mwamva akuti atuluka?" anatero aNambewe. "Ine ndamva funso." Anatembenukira kwa ine. "Mayi Nankhoma, mwatuluka?"

Ndinapukusa mutu.

ANambewe anati, "Mutu sitilemba. Pakamwa."

Ndinati, "Sindinatuluke."

Musaganize kuti anthu anaimba nthungululu. Bambo amene mwana wake anabwezedwa kusukulu uja anaimirira n'kunena kuti iye sanaiwale, ndipo ngati ndikutsala ndibweze kaye mbewu ya anthu. Ankanena zoona. Anagwirizana kuti chaka chimenecho sandibwereka mbewu ina. Ndilime mizere yanga m'munda wa kalabu, zotuluka m'menemo zipite kobweza mbewu yakale. Munda wa mayi anga ndikauze venda kuti chaka chake chatha, n'kudzalamo chimene ndingapeze. Ndikabwera ku ntchito ya kalabu nditamwa, ndibwerere. Ndinavomera zonse, ndi pakamwa.

Pobalalika, amake Feliya anandiuza kuti nditambasule mpango. Anathiramo mtedza wosweka umene sungadzalidwe, wotsalira m'lichero mwake. Ena ataona anachitanso chimodzimodzi. Sanalankhule zambiri, mmodzi yekha anati, "Wa mwanayo, osati wa kwa mayi a kachasu." Ndinabwerera kunyumba njira ya kudambo, yosadzera pa Kamwendo.

Za mowa ndinene zoona, chifukwa mwina ena muli momwemo. Sindinasiye tsiku limodzi. Ndinagwanso kangapo mvula yoyamba isanathe. Chimene chinandithandiza si mphamvu zanga. Ndinasiya kupita pa Kamwendo ndekha, ndinkadikira amake Feliya kuti tipitire limodzi, ndipo iwo samachedwa pamsika. Ganyu ndinkapempha kuti andilipire chimanga, n'kukachisunga m'nkhokwe ya aNambewe, ndizikatapa cha tsiku limodzi. Nthawi ya masana, imene khosi linkandivuta kwambiri, ndinkaonetsetsa kuti ndili pakati pa anthu, manja ali ndi chogwira. Kuswa pamodzi kuja kunandisunga kuposa malangizo onse. Munthu sungachoke pamphasa anzako akuswa mtedza wako.

Tiyamike aNambewe anandiperekeza naye kusikelo. A zaumoyo anatitumiza kuchipatala, tinakhalako masiku, kutupa kunaphwa. Panopa ali pasukulu, wandipitirira kale kalasi. Mbewu ya kalabu ndinabweza nditakolola. Bambo wa mwana wobwezedwa kusukulu uja anayamba kundipatsa moni chaka chachiwiri.

Kalabu yathu pambuyo pake inagula makina opukusa ndi manja oswera mtedza, kuchokera m'zokolola za munda wa gulu. Midzi yoyandikana nayo imabwera kudzabwereka. Shedi tinamanga ya njerwa, mlatho wa padambo lole imawoloka. Sindikunena kuti zonsezo zinachokera kwa ine. Ine ndinangofunsa, mochedwa ndi chaka chathunthu, mwana atatupa kale mapazi.

Dzina lija silinachoke. Mpaka lero ndine Nachuku, ndipo ndimavomera. Thumba lisanasokedwe amaitana ine kuti ndinunkhize ndi kuluma, akuti fungo lake ndine ndimalidziwa bwino. Munthu amene ankafuna malo anga uja sindinamuonepo. Ndinawafunsa aNambewe tsiku lina kuti anali ndani, iwo anati anasamukira ku Zambia, n'kuyamba nkhani ina.

Tsono inu amene mwasiya kubwera, kaya ndi mbewu simunabweze, kaya munagulitsa kumbali kwa mavenda, kaya pali chimene simunamve koma mukuopa kusekedwa, ine ndilibe nzeru zambiri zokupatsani. Pitani ku msonkhano, ngakhale mupite kukatuluka. Akafunsa kuti pali funso, musayankhe nawo kuti palibe pamene lilipo. Adzaseka, inde. Ine anandiseka ndili chete, anandisekanso nditalankhula. Kusiyana kwake ndakuuzani.

Anthu amakonda kundifunsa kuti nditachoka pa msonkhano uja ndinayambira pati. M'mawa mwake, Lachisanu, ndinasankha mtedza wa mumpango uja njere ndi njere, n'kutaya wokayikitsa. Ndinasinja, ndinasefa, ndinathira m'phala la mgaiwa. Tiyamike anadya masipuni ochepa, n'kukana, kenako anadyanso. Ndinapita kwa amake Feliya kukabwereka khasu, poti langa ndinali nditamwera. Ku munda wa kalabu ndinafika kusanatenthe. Mizere yanga anzanga anali atailima chaka chimene kunalibe ine, koma chikhomo sanazule. Chinali chitapendekeka, chiswe chitadya mbali imodzi, kansalu katayera ndi dzuwa, mawanga a nkhanga osaonekanso. Ndinatsitsa mwana pamthunzi, ndinang'amba kansalu kena m'mphepete mwa chitenje, n'kumanga pamwamba pa kakale. Ndinakhomerera chikhomo ndi msana wa khasu. Nthaka inali youma gwa. Ndinayamba ndi mzere wa kumapeto.